MNYAMATA AMENE ADALOWA M'MALO MWA BAMBO AKE

Kumpoto kwenikweni kwa nyanja yamchere ya Atlantic kuli chilumba chachikulu chotchedwa Iceland. Likulu la dzikoli ndi Reykjavík. Kumeneko kumazizira kwambiri, ndipo m'nyengo yachisanu dzuwa limaoneka maola owerengeka okha pa tsiku. Anthu ake sakwana ngakhale theka la miliyoni. Komabe dziko limeneli latulutsa akatswiri a mpira wamiyendo amene mbiri yawo yafika kutali. Mmodzi mwa iwo ndi Eiður Guðjohnsen. Anthu a ku Iceland amaitanana ndi dzina loyamba ngakhale munthuyo akhale wamkulu. Motero ifenso m'nkhani ino tizimutchula kuti Eiður.

Eiður adabadwira mu mzinda wa Reykjavík pa 15 Sepitembala 1978. Pa nthawiyo bambo ake, a Arnór, adali ndi zaka 17 zokha. Iwo adali katswiri wa mpira amene adasewerapo m'makalabu a Lokeren ndi Anderlecht ku Belgium ndiponso Bordeaux ku France. Popeza zaka zawo zidasiyana pang'ono chotero, mwana adakula bambo ake akadali ndi mphamvu zosewera. Awiriwa adali ndi khumbo limodzi: kudzasewera pamodzi m'timu ya dziko lawo.

Kodi mukudziwa kusiyana kwa kalabu ndi timu ya dziko? Kalabu imalemba wosewera ntchito ndi kumamulipira, ndipo ikhoza kumugulitsa ku kalabu ina, ngakhale ya kunja. Timu ya dziko imasankha nzika zake zokha zimene zaonetsa luso loposa anzawo. Choncho kuitanidwa m'timu ya dziko ndi ulemu waukulu.

Eiður adayamba kudziwika m'chaka cha 1994 pamene ankasewera m'kalabu ya Valur kwawo komweko. Ali ndi zaka 16 adatengedwa ndi kalabu ya PSV Eindhoven ya ku Netherlands. Kumeneko adapeza mnyamata wina wa ku Brazil, dzina lake Ronaldo, amene pambuyo pake adatchuka pa dziko lonse lapansi.

Pa 24 Epulo 1996 timu ya Iceland idakasewera ndi timu ya Estonia mu mzinda wa Tallinn. A Arnór, amene adali ndi zaka 34, adayamba nawo masewerowo, pamene Eiður, wa zaka 17, adakhala pabenchi. M'chigawo chachiwiri mphunzitsi adatulutsa bambo ndi kulowetsa mwana m'malo mwawo. Awiriwa adakumana m'mphepete mwa bwalo, ndipo bambo adampsompsona mwana wawo patsaya. Aka kadali koyamba m'mbiri ya masewero a pakati pa mayiko kuti mwana alowe m'malo mwa bambo ake. Iceland idapambana ndi zigoli 3 kwa 0.

Nanga n'chifukwa chiyani sadawalole kusewera pamodzi tsiku limenelo? Akuluakulu oyendetsa mpira ku Iceland adafuna kuti chinthu chachilendo chotere chidzachitikire kwawo ku Reykjavík, anthu awo akuonerera. Iwo adaganiza kuti mwayi udzapezekanso. Koma patangopita milungu yochepa, Eiður adathyoka mwendo pakakolo akusewera m'timu ya achinyamata ya dziko lake polimbana ndi anyamata a ku Ireland. Bala lake lidavuta kupola, kotero kuti adakhala zaka pafupifupi ziwiri osasewera. Mmene ankachira n'kuti bambo ake atasiya kale kusewera m'timu ya dziko. Khumbo lawo lija lidathera pomwepo.

Mavuto sadathere pamenepo. Kalabu ya PSV idamutaya, ndipo m'chaka cha 1998 adabwerera kwawo kukasewera m'kalabu ya KR. Anyamata ambiri akadagwa mphwayi, koma Eiður adalimba mtima. M'chaka chomwecho kalabu ya Bolton Wanderers ya ku England idamutenga. Chifukwa chokhala nthawi yaitali osathamanga, thupi lake lidali litalemera. Iye adalimbikira kuchita masewera olimbitsa thupi mpaka adapezanso mphamvu ndi kuyamba kumwetsa zigoli.

M'chaka cha 2000 adagulidwa ndi kalabu ya Chelsea ya mu mzinda wa London. Kumeneko ankasewera kutsogolo pamodzi ndi Jimmy Floyd Hasselbaink wa ku Netherlands, ndipo awiriwa ankamvana kwambiri m'bwalo. Eiður sadali wosewera wongofuna kugoletsa yekha ayi. Adali wodekha ndi mpira, wodziwa kuona mnzake amene waima pabwino ndi kumupatsira. N'chifukwa chake mphunzitsi José Mourinho nthawi zina ankamuseweretsa pakati. M'chaka cha 2005 Chelsea idakhala akatswiri a ligi ya England patapita zaka 50 isadatero, ndipo idabwerezanso m'chaka cha 2006. Eiður adakhala zaka 6 ku Chelsea ndi kumwetsa zigoli 78.

Kuchokera kumeneko adapita ku Barcelona, m'dziko la Spain, kumene adasewera ndi Ronaldinho, Lionel Messi ndiponso Samuel Eto'o wa ku Cameroon. Pakati pa akatswiri otere malo adali ovuta kupeza, ndipo kawirikawiri ankayambira pabenchi. M'chaka cha 2009 Barcelona idatenga zikho zitatu, kuphatikizapo chikho chachikulu cha makalabu a ku Ulaya. Akulu akale adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Atachoka ku Spain, Eiður adasewerakonso m'makalabu a ku France, England, Greece, Belgium, China ndi Norway. Ku Greece adathyokanso mwendo m'chaka cha 2011, koma atachira adabwereranso m'bwalo.

Ngakhale adatenga zikho zambiri ndi makalabu, panali chinthu chimodzi chimene chinkamusowetsa mtendere. Dziko lake lidali lisadafikepo ku mpikisano uliwonse waukulu wa matimu a amuna. M'chaka cha 2013 Iceland idatsala pang'ono kupeza malo ku mpikisano wa dziko lonse lapansi, koma idagonja ndi zigoli 2 kwa 0 ku Croatia. Atatha masewerowo Eiður adagwetsa misozi polankhula ndi atolankhani, poganiza kuti nthawi yake m'timu ya dziko yatha.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. M'chaka cha 2016 Iceland idapita koyamba ku mpikisano wa mayiko a ku Ulaya umene udachitikira ku France, ndipo Eiður adasankhidwa ali ndi zaka 37. Timuyo idafanana mphamvu ndi Portugal ndi Hungary, idagonjetsa Austria, kenaka idadabwitsa anthu pogonjetsa England ndi zigoli 2 kwa 1. Ulendo wawo udathera m'manja mwa France, imene idapambana ndi zigoli 5 kwa 2. Masewerowo ali pafupi kutha, Eiður adalowa m'bwalo ndipo adapatsidwa lamba wa mtsogoleri wa timu. Apa n'kuti patapita zaka 20 chilowereni m'malo mwa bambo ake ku Tallinn. Adapuma pa mpira m'chaka cha 2017, atasewerera dziko lake masewero 88 ndi kumwetsa zigoli 26.

Nkhani ya banja limeneli ili ndi mathero ena. Pa 11 Okutobala 2021 Iceland idasewera ndi Liechtenstein mu mzinda wa Reykjavík. Eiður adali pambali pa bwalo ngati wothandiza mphunzitsi. Ana ake awiri, Sveinn Aron ndi Andri Lucas, adalowa m'bwalo m'chigawo chachiwiri. Mkulu adapatsira mng'ono wake mpira ndi mutu, ndipo mng'onoyo adagoletsa. Eiður ndi bambo ake sadasewerepo limodzi, koma tsiku limenelo anthu a ku Reykjavík adaona anthu awiri a m'banja la Guðjohnsen akusewerera dziko lawo pamodzi.

MAFUNSO

1. Kodi chilumba cha Iceland chili m'nyanja iti?
2. Fotokozani kusiyana kwa kalabu ndi timu ya dziko.
3. N'chifukwa chiyani Eiður ndi bambo ake sadasewere pamodzi ku Tallinn?
4. Tchulani mayiko anayi amene Eiður adasewerako mpira.
5. Kodi mukuganiza kuti akuluakulu a mpira adachita bwino kudikira tsiku lina? Perekani zifukwa.

NTCHITO

Perekani matanthauzo a mawu awa ndipo muwagwiritse ntchito m'ziganizo zanuzanu:
(a) kugwa mphwayi
(b) kulimba mtima
(c) kufanana mphamvu
(d) kuona maso a nkhono n'kudekha