Makina Ochapira Akayamba Kuvuta

Makina ochapira akayamba kuvuta, ambirife timafulumira kunena kuti awonongeka ndipo timayamba kufunafuna mmisiri. Komatu mavuto ambiri amayambira pa sopo, pa kuchuluka kwa zovala, kapena pa sefa imene sitinaitsukepo chigulireni makinawo. Zimenezi tingathe kuzikonza tokha osatulutsa ndalama.

Tiyambe ndi sopo, pakuti ndi pamene ambiri timapunthwa. Tinakula tikuchapa m'beseni, pomwe thovu lambiri limatanthauza kuti ntchito ikuyenda. M'makina, makamaka aja a chitseko chakutsogolo, thovu ndi mdani. Makinawa amagwiritsa ntchito madzi ochepa, ndipo amachotsa litsiro pokweza zovala ndi kuzigwetsa. Thovu likachuluka zovala zimagwera pofewa, osapikisika bwino, ndipo potsukuluza sopo satheratu. Zotsatira zake ndi timizere toyera pa thalauza lakuda, mataulo olimba ngati chikopa, ndiponso thupi loyabwa. Sopo wa ufa wochapira pamanja si wa makina otere. Tigule wolembedwa kuti ndi wa makina, ndipo tiziyeza ndi kapu yake, osati ndi maso. Ngati zovala zatuluka kale ndi timizere, tizitsukuluzenso popanda kuthira sopo.

Sopo wotsalayo ndi amenenso amabweretsa fungo lija la chinyontho. Amamatirira mu mphira wa pachitseko ndi m'kabokosi kothiramo sopo, kenaka pamamera chuku. Tizipukuta mphirayo mpaka m'makwinya mwake, tizisiya chitseko chotsegula tikatha kuchapa, ndipo kamodzi pamwezi tiziyendetsa makina opanda zovala pa madigiri 60. Zovala zikagona m'makina usiku wonse zili zonyowa zimanunkha ndithu, ngakhale makinawo atakhala atsopano.

Nanga makina akamagwedezeka mpaka kuyenda okha? Ngati ndi atsopano, tione kumbuyo. Kumakhala mabawuti atatu kapena anayi ogwira dramu kuti isagwedere ponyamula, ndipo ayenera kuchotsedwa tisanachape koyamba. Ngati si atsopano, mwina miyendo sinakhale mofanana pansi, kapena zovala zaunjikana mbali imodzi. Bulangete limodzi lonyowa limachita zimenezi kawirikawiri; tikaonjezamo mataulo awiri kulemera kumagawanika. Makina olembedwa makilogalamu 7 amanena za zovala zouma, ndipo tikalongedza pazitsala mpata woti dzanja lilowe pamwamba. Kumapeto kwa sabata zovala zikaunjikana timakopeka kuti tikanikizemo zonse ulendo umodzi, koma zothinana sizitembenuka, choncho siziyera, ndipo injini ndi lamba wake zimatha msanga.

Madzi akamachedwa kulowa, vuto si mpopi nthawi zonse. Pamene paipi imalumikizana ndi makina pali kasefa kamene kamatsekeka ndi mchenga, makamaka madzi akabwera atasiya kwa masiku. Titseke mpopi, timasule paipi, titsuke kasefako ndi mswachi wakale.

Akakana kutuluka, tiyambe tazimitsa makina ndi kuchotsa pulagi pa soketi. Madzi ndi magetsi sizisewera. Makina a chitseko chakutsogolo ali ndi kachitseko pansi pomwe pali sefa ya pampu. Tiyale nsanza, titchere mbale yosazama, timasule pang'onopang'ono. Mmenemo ndi momwe mumapezeka ndalama zachitsulo, mabatani ndi mapini a m'mutu. Paipi yotulutsa madzi ya makina amenewa imakwezedwa pakati pa masentimita 60 ndi 100. Koma makina a mabeseni awiri, amene ali m'nyumba zambiri, nthawi zambiri alibe pampu, ndiye paipi yawo iyenera kugona pansi, apo ayi madzi sachoka. Magetsi akathima pakati pa ntchito tisakoke chitseko mwamphamvu. Pa makina ambiri loko wake amamasuka yekha patapita mphindi ziwiri kapena zitatu, koma ngati madzi akuoneka pagalasi tiyambe tawachotsa kudzera pa sefa ija.

Pali mavuto ena amene timanamizira makina. Chitenje chatsopano chimachucha utoto, choncho chichapidwe pachokha m'madzi ozizira maulendo angapo oyamba. Magazi, dzira ndi mkaka zimafuna madzi ozizira, chifukwa otentha amaziphika n'kuzimata mu nsalu. Thukuta la pakolala tilipake sopo tisanaponye malaya m'makina. Ndipo ife amene timachapira madzi a pamjigo tidziwe ichi: madzi ena amakhala ndi ayironi, ndipo tikathiramo jiki ayironiyo imasanduka dzimbiri, malaya oyera n'kutuluka achikasu. Tikaona zimenezi timaganiza zoonjezera jiki, pomwe ndi iyeyo akukulitsa vutolo. Madzi a mandimu kapena viniga woyera ndiwo amathandiza pa madontho otere. Koma viniga ndi jiki zisakumane m'beseni limodzi, chifukwa zimatulutsa mpweya wa kolorini umene umawononga mapapo.

Fungo la waya wopsa, makina ogwira shoko tikawakhudza, ndi phokoso longa la chigayo pofinya, izi zokha ndi za mmisiri. Tichotse pulagi ndipo tisayatsenso mpaka atabwera.