Kaundula weniweni ndi woyeserera: kompyuta idziwa bwanji?

KAFUE: Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inatsegulidwa kuno m'caka ca 1970, ndi amodzi mwa malo ocokera fataleza wa alimi athu. Koma masiku ano thumba silifika kwa mlimi wa FISP dzina lake lisanaoneke m'kompyuta. Boma linayamba njira ya e-voucher mu 2015, pambuyo pake panadza kaundula wa ZIAMIS, amene alangizi ndi ogulitsa zipangizo za ulimi amatsegula pa intaneti.

Cimene awerengi athu ambiri sadziwa ndi cakuti pulogalamu zazikulu zotere kawirikawiri sizikhala pamalo amodzi. Akatswiri amasunga makope atatu. Loyamba, lochedwa development, ndi la omanga okha, ndipo kulakwa m'menemo sikupweteka munthu. Laciwiri, staging, ndi loyeserera ndi kuphunzitsira anchito. Lacitatu, production, ndilo losunga maina enieni ndi ndalama zenizeni. Bvuto ndi lakuti onse atatu afanana nkhope ngati matumba a D Compound osanjikizidwa m'nyumba yosungiramo katundu.

Nanga pulogalamu idziwa bwanji pamene yaima? Pa kompyuta yaikulu imene igwirirapo nchito pamalembedwa liu limodzi, limene akatswiri alicha environment variable. Poyamba nchito pulogalamu iwerenga liulo, ndipo ndilo liiuza nkhokwe ya maina imene itsegule, ndiponso ngati itumize mauthenga ku mafoni a anthu kapena iai. Liulo likaiwalika, mitundu ya pulogalamu isiyana khalidwe. Zomangidwa ndi ASP.NET Core ya Microsoft zidziyesa kuti ziri pa nchito yeniyeni, ndipo zibisa zinsinsi zake kwa alendo. Za Ruby on Rails zidziyesa kuti zikali m'manja mwa omanga.

Kusokoneza coyeserera ndi ceniceni kunautsapo mantha aakulu. Pa 13 January 2018, ku Hawaii m'dziko la America, anchito anali kuyeserera macenjezo a nkhondo, koma mmodzi anatumiza cenjezo lenileni ku mafoni a anthu lakuti mzinga ulinkudza. Panapita mphindi 38 uthenga wotsutsa usanafike, anthu atathawira kale kobisala ndi ana ao.

Kwathu kuno ngozi yake ingakhale yacete, koma yowawa. Tiyerekeze kuti kalaliki amene anaphunzira pa kope loyeserera wabwerera ku nchito osasintha adiresi. Alemba alimi tsiku lonse, kompyuta ibvomera, alimi abwerera kumudzi okondwa. Nthawi yolandira ikafika maina ao palibe, mvula yagwa kale, ndipo cimanga siciyembekeza kuti akuluakulu amalize kufufuza.

Ndico cifukwa cake omanga osamala amaika mzera wa mtundu woonekera pamwamba pa kope loyeserera, ndi kulipatsa adiresi yosiyana, imene nthawi zambiri iri ndi liu lakuti test kapena staging. Ife tiganiza kuti kalaliki ali yense ayenera kuwerenga adiresiyo m'mawa asanalembe dzina loyamba, monga woyendetsa galimoto ayang'ana mafuta asananyamuke. Mlimi naye ali ndi ufulu wopempha mlangizi amuonetse dzina lake ndi nambala ya citupa cake m'kaundula, tsiku logawa lisanafike.