Asilikari Athu ku Burma

Inu a ku Ndola mudziwa malo a asilikari ochedwa Tug Argan, ndipo inu a ku Kabwe mudziwa Chindwin. Kodi maina amenewa anacokera kuti? Tug Argan ndi ku Somaliland, kumene Northern Rhodesia Regiment inamenyana ndi Mataliyana mu August 1940. Chindwin ndi mtsinje wa ku Burma.

Kumeneko, m'caka ca 1944, anyamata athu anatsika cigwa ca Kabaw m'nyengo ya mvula, ndipo mdani sanali Mjapani yekha ai. Magalimoto anatitimira m'matope, kotero kuti cakudya cinali kuponyedwa ndi ndege. Zobvala sizinali kuuma, misundu inalowa m'nsapato, malungo nagwetsa amuna amphamvu. Madzulo wosadziwa kulemba anali kupempha mnzace kuti amlembere kalata ya kwa mkazi wace, mau owerengeka okha, pakuti akuru anali kuyamba aiwerenga.

Nkhondo inatha mu 1945, koma ambiri anadikira zombo kufikira 1946. Anabwera ndi mendulo ndi kandalama kocepa ndithu. Amene anaphunzira kuyendetsa galimoto anapeza nchito m'matauni ndi ku migodi. Enawo anabwerera kukagwira khasu, ena napeza minda yao itasanduka thengo.