Zomwe Foni Imachita Musanaone Chithunzi Chanu

Usiku wopanda mwezi ku Nkhata Bay nyanja imadzaza ndi nyali za asodzi a usipa, moti mlendo amatha kuyesa kuti kutsidyako kuli tauni ina. Zaka khumi zapitazo munthu akajambula nyalizo ndi foni ankapeza chithunzi chakuda bii, chokhala ndi timadontho tiwiri titatu. Lero foni yabwinoko imatulutsa nyali, mabwato, ngakhale mzere wa mapiri. Komatu kagalasi ka kamera sikanakule kwenikweni, chifukwa foni iyenera kulowabe m'thumba. Chomwe chasintha kwambiri ndi masamu omwe foni imachita pakati pa nthawi yomwe mwadina ndi nthawi yomwe chithunzi chaoneka.

Tiyambe ndi zomwe zili kuseri kwa galasilo. Kumeneko kuli kachipangizo kotchedwa sensa, komwe m'mafoni ambiri n'kochepa kuposa chikhadabo cha chala. Pa sensa pali timabowo mamiliyoni ambiri totchedwa mapikiselo. Tiyerekeze ndi zidebe zomwe zandandalikidwa pabwalo kuti zitunge madzi a mvula: chidebe chilichonse chimangonena kuchuluka kwa kuwala komwe kwagweramo. Mtundu sichiudziwa. Pofuna kupeza mitundu, pamwamba pa mapikiselo amaikapo tosefera tofiira, tobiriwira ndi ta buluu, potsata njira yomwe anatulukira Bryce Bayer wa ku kampani ya Kodak m'zaka za m'ma 1970. Theka la toseferato n'tobiriwira chifukwa diso la munthu limaona bwino mtundu umenewu. Ndiye kuti pikiselo iliyonse imaona mtundu umodzi wokha, ndipo iwiri inayo foni imachita kuwerengetsa poyang'ana mapikiselo oyandikana nayo. Chithunzi chomwe mumati simunachikhudze n'komwe, chadutsa kale m'manja mwa kompyuta.

Apa mpomwe ambiri timapusitsidwa pogula foni. Wogulitsa amaloza nambala yomwe ili pabokosi: mamegapikiselo 50, 108, mwinanso 200. Foni ya Sharp J-SH04 yomwe inatuluka ku Japan mu 2000 inali ndi mapikiselo pafupifupi 110,000 okha, pomwe Samsung Galaxy S23 Ultra ya mu 2023 ili ndi 200 miliyoni. Kusiyanako n'kwakukulu ndithu. Koma ukapanikiza zidebe zambiri pabwalo lomwelo, chidebe chilichonse chimachepa ndipo chimatunga madzi ochepa. N'chifukwa chake mafoni amenewa amaphatikiza mapikiselo anayi, asanu ndi anayi kapena kuposerapo kuti agwire ntchito ngati imodzi. Kamera ya mamegapikiselo 48 nthawi zambiri imakupatsani chithunzi cha 12, ndipo 12 imeneyo ndi yokwanira kusindikiza chithunzi chooneka bwino papepala lonse la A4. Wophunzira amene akusunga ndalama yogulira foni angachite bwino kufunsa za kukula kwa sensa, ndi kuyesa kamerayo m'chipinda chamdima m'sitolo momwemo. Kuchuluka kwa magalasi kumbuyo kwa foni nakonso kusakutengeni mtima. Pa mafoni otsika mtengo, ena mwa magalasiwo ndi a mamegapikiselo awiri okha, ndipo ntchito yawo ndi yochepa kwambiri.

Nanga nyali za asodzi zija zimatuluka bwanji? Mukadina, foni sijambula kamodzi. Imajambula zithunzi zingapo motsatizana, n'kuzisanjikiza bwinobwino, n'kutaya timadontho tosokoneza tomwe timasiyana pa chithunzi chilichonse. Google inabweretsa njira imeneyi ndi dzina loti Night Sight mu 2018, Apple inatsatira mu 2019 pa iPhone 11, ndipo lero ikupezeka ngakhale pa Tecno ndi Infinix. Mukadziwa zimenezi, mudziwanso chifukwa chomwe foni imakuuzani kuti musagwedezeke. Itsamizeni pamwala kapena pachitsulo cha padoko. Sitima ya Ilala ikakocheza usiku idzatuluka bwino popeza yaima, koma anthu omwe akutsika ndi katundu pamutu adzaoneka ngati mizukwa, chifukwa pa chithunzi chilichonse anali pamalo ena. Zomwezi zimachitikira kwaya yomwe ikuyendayenda m'tchalitchi chosawala bwino.

Masana vuto limatembenuka. Madzi ndi mchenga wa ku Chikale zimanyezimira kwambiri, pomwe nkhope ya munthu ili mumthunzi. Diso lathu limatha kuona zonse ziwiri, sensa ayi. Njira ya HDR imajambula china chowala, china chakuda, n'kutenga mbali yabwino pa chilichonse. Imathandiza, koma sipambana kuima pamalo oyenera. Nkhata Bay inayang'ana kum'mawa: dzuwa limatulukira panyanja n'kukalowera kumapiri. Mukajambula munthu m'mawa nyanja ili kumbuyo kwake, nkhope idzada. Madzulo dzuwa limachokera kumtunda n'kuwalira nkhope ya amene ali m'madzi. Amene mwapatsidwa udindo wojambula ubatizo wa panyanja pa Sabata, kondwerani ukaikidwa madzulo. Ukakhala wa m'mawa, imani chammbali, ndipo dinani pa nkhope ya wobatizidwayo kuti foni iyeze kuwala kuchokera pamenepo.

Nkhani ya nkhope ili ndi mbiri yake. Kwa zaka zambiri malo otsukira zithunzi ankalinganiza mitundu poyang'ana makadi a Kodak otchedwa Shirley, omwe ankakhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu. Khungu lakuda silinali m'maganizo mwa opanga zipangizo, ndipo makamera oyamba a m'mafoni anatengera chilema chomwecho. Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, eni ake a Tecno, itel ndi Infinix, inakopa ogula mu Africa mwa zina pokonza makamera ake kuti azijambula bwino khungu lakuda. Google inabwera ndi Real Tone pa Pixel 6 mu 2021. Chodabwitsa n'chakuti pomwe akatswiri akuvutika kuti khungu lathu lizituluka monga liliri, ife tikutsegula mbali ya kamera yosalalitsa ndi kuyeretsa nkhope. Pa mafoni ena imabwera ili yotsegula kale, mwini wake osadziwa. Mtsikana akazolowera kudziona woyera pa foni tsiku ndi tsiku, kalilole amayamba kumukhumudwitsa, ndipo kuchoka apo kukafika pa mafuta oyeretsa khungu si patali. Lowani mu kamera yakutsogolo, pezani pomwe alemba Beauty, muitsitse kufika pa 0, muone kusiyana kwake.

Kukonza chithunzi pakokha si kulakwa. Mapulogalamu monga Snapseed, yomwe ndi yaulere, ndi Lightroom amachita zomwe akatswiri akale ankachita m'chipinda chamdima. Yambani ndi kuwongola chithunzi, chifukwa palibe chomwe chimaulula wojambula wosasamala ngati nyanja yopendekeka, yooneka ngati madzi akutayikira ku Usisya. Kenako dulani zosafunika za m'mbali, walitsani pang'ono mithunzi, chepetsani pomwe pawalitsa. Mitundu muikhudze komaliza, ndiponso mosamala. Nyanja ya Malawi ndi ya buluu kale. Mukaonjezera kwambiri imaoneka ngati penti ya pagolosale. Mukamatumiza chithunzi kwa akonzi a magazini ino, dziwani kuti WhatsApp imachifinya kuti isadye bandulo yambiri. Chitumizeni ngati Document kuti chifike chathunthu, apo ayi chidzatuluka chambuu posindikiza.

Pomwe pafunika kukambirana ndi pomwe foni yayamba kuikamo zomwe kamera sinaone. Mu Malichi 2023 munthu wina pa Reddit anatenga chithunzi cha mwezi, n'kuchifufutiza dala mpaka mabanga onse osaoneka, n'kuchiika pa kompyuta, kenako n'kuchijambula ndi foni ya Samsung ali chapatali. Foniyo inatulutsa mwezi wokhala ndi mabanga ake. Samsung inafotokoza kuti pulogalamu yake inaphunzitsidwa kuzindikira mwezi ndi kuukometsa. Magic Eraser ya Google imafufuta munthu pachithunzi n'kudzazapo mchenga kapena udzu wongopeka. Best Take, yomwe inabwera ndi Pixel 8 mu 2023, imasankha nkhope yomwetulira ya aliyense kuchokera pa zithunzi zingapo, n'kupanga chithunzi cha mphindi yomwe sinachitikepo. Mu Malichi 2024 mabungwe ofalitsa nkhani monga Associated Press ndi Reuters anachotsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Prince William wa ku Britain, ndi ana ake ataona kuti chinasinthidwa. Lamulo la atolankhani amenewa n'losavuta kumva: kudula m'mbali ndi kukonza kuwala n'kololedwa, koma kuchotsa kapena kuwonjezera chinthu ayi.

Ine ndikuona kuti lamulo limeneli likutiyenera, makamaka chithunzi chikamagwira ntchito ngati umboni. Kufufuta botolo la pulasitiki pachithunzi cha tsiku lanu lobadwa sikuvulaza munthu. Koma chithunzi cha msonkhano wa misasa chomwe chikupita mu lipoti, mabenchi opanda anthu atadulidwa dala kuti khamu lioneke lalikulu, chikunena bodza ngakhale palibe mawu omwe alembedwa. Chimodzimodzi chithunzi cha nyumba ya tchalitchi chopita kwa omwe anathandiza ndi ndalama, mng'alu wa pakhoma utafufutidwa, kapena cha batala wogulitsa pa WhatsApp amene wawalitsidwa kuti aoneke wa lero. Lamulo lachisanu ndi chinayi, loletsa umboni wonama, silinapatule zithunzi. Amene mukuphunzira za zaumoyo ku Malamulo muli ndi chifukwa chinanso: chilonda kapena zidzolo zojambulidwa ndi kamera yosalalitsa khungu zingasocheretse amene mwamutumizira kuti akuthandizeni maganizo.

Palinso munthu amene ali kutsogolo kwa kamera. Mafoni a masiku ano amakoka patali, moti munthu ali pamwamba pa phiri atha kujambula amayi omwe akuchapa kapena ana omwe akusamba kugombe iwo osadziwa. Alendo odzaona nyanja amachita zimenezi ndipo timadandaula. Ife tikapita kukalalikira kapena paulendo wa a Pathfinder tisamachite zomwezo. Pemphani kaye, ndipo akakhala mwana pemphani kholo lake. Lamulo la dziko lino la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limaletsa kuzunza munthu kudzera pa intaneti ndiponso kufalitsa zithunzi zolaula za ana. Kumbukiraninso kuti chithunzi chimasunga mkati mwake tsiku, nthawi, mtundu wa foni, ndipo ngati munalola, ngakhale malo enieni omwe munaima. Mukachitumiza ngati Document zonsezi zimapita nacho, choncho chithunzi chojambulira kunyumba kapena ku hositelo muyambe mwachotsa malowo musanachipereke kwa munthu amene simukumudziwa bwino.