Ziliza tili nazo, nanga zikalata za atsogoleri zili kuti?

Chiperoni chikatsika mu June ndi July, nkhungu n'kuphimba phiri la Ndirande ndi la Soche, anthu a ku Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa amangoganiza za juzi ndi mbaula, osati ulendo. Komatu nyengo yoyendera ndi yomweyi: mvula yatha, misewu yauma, dzuwa silipsereza, ndipo masiku awiri akuluakulu m'mbiri yathu, 14 June la referendamu ndi 6 July la ufulu wodzilamulira, amagwa m'miyezi imeneyi. Ku America mabanja ena amanyamuka pa galimoto kukayendera malaibulale a apulezidenti awo, momwe amasungamo makalata, zithunzi ndi mawu ojambulidwa a mtsogoleri aliyense. Yoyamba inali ya Franklin Roosevelt ku Hyde Park, yomwe inatsegulidwa mu 1941. Ifenso ulendo wa mbiri tingauyende, ndipo amene angauyende adzaona yekha pamene pali chibowo.

Poyambira sipatali. Munthu wa ku Machinjiri akakwera minibasi mmamawa, dzuwa lisanafike paliwombo akhala atazungulira nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, yomwe inatsegulidwa mu 1966, n'kugwira ndi manja ake chisitima chamalasha chomwe chili panja. Kuchoka apo kuli Mandala House ya mu 1882, momwe m'chipinda chapamwamba muli laibulale ya Society of Malawi, kenako tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe David Clement Scott anamanga ndi amisiri akuda kuyambira 1888 mpaka 1891. Tsiku lachiwiri n'kulowera ku Mbombwe ku Chiradzulu, komwe John Chilembwe anakhazikitsa mishoni ya PIM mu 1900 asanaukire atsamunda mu January 1915, n'kuima pa Namaka kuona kanyumba ka amtengatenga omwe ankanyamula makalata wapansi, mpaka kukafika ku Zomba. Zonsezi n'zabwino, koma taonani zaka zake. Za amishoni, amalonda ndi atsamunda zilipo zambiri. Nkhani ikangofika 1964, mawu amayamba kuchepa.

Atsogoleri athu tawamangira ziliza. Cha Kamuzu Banda ku Lilongwe chinatsegulidwa mu 2006, ndipo Bingu wa Mutharika anaikidwa ku Ndata ku Thyolo mu 2012. Ulemu kwa akufa ndi chikhalidwe chathu, palibe angatsutse. Koma chiliza sichiyankha funso. Mwana yemwe amadutsa mumsewu wa Masauko Chipembere tsiku ndi tsiku akafunsa chimene chinagawanitsa nduna ndi Kamuzu mu 1964, mwala umuuza chiyani? Akafunsa za Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, omwe anaphedwa ku Mwanza mu May 1983, kapena za sitalaka ya mu May 1992 yomwe inayambira ku fakitale ya David Whitehead n'kufalikira mumzinda wonse wa Blantyre, amangomva zam'maluwa: wa chipani ichi anena zake, wa chipani icho zakenso. Zikalata za boma zimasungidwa ku National Archives ku Zomba, inde, koma kumeneko kumapita ofufuza ndi a m'mayunivesite. Mayi wogulitsa makala ku Ndirande, yemwe mwina bambo ake anatsekeredwapo ku Kanjedza mu 1959, sadziwa n'komwe kuti khomolo angagogodepo.

Wina anena kuti dziko lomwe mankhwala amasowa m'zipatala lilibe ndalama zomangira zinyumba za mapepala. Mfundoyi njolemera, koma ikuganiza za nyumba zazikulu ngati za ku America kapena ya Olusegun Obasanjo ku Abeokuta. Anzathu a ku Zambia anangosunga kanyumba ka m'komboni, Chilenje House 394 ku Lusaka, momwe Kenneth Kaunda ankakhala pomenyera ufulu, ndipo anthu amakaona. Ife chipinda chimodzi ku Chichiri chingakwane poyambira, chokhala ndi makope a zikalata zochokera ku Zomba, zomasuliridwa m'Chichewa. Mawu a agogo omwe anachingamira Kamuzu ku Chileka pa 6 July 1958, kapena omwe anaima pamzere wa referendamu mu 1993, angajambulidwe ndi foni wamba. Chodula apa ndi nthawi, chifukwa mboni zikutha maliro ndi maliro.

Mantha ena, omwe ine ndimawaona aakulu kuposa a ndalama, ndi akuti malo otere amasanduka bwalo la nyimbo zotamanda. Ngakhale ku America komweko ena amadandaula zomwezi. N'chifukwa chake sitifunika laibulale ya mtsogoleri aliyense payekha, yoyendetsedwa ndi banja lake kapena chipani chake. Ikhale imodzi, ya onse kuyambira Kamuzu, m'manja mwa akatswiri osunga zikalata, momwe chithunzi cha Kamuzu Academy chidzakhale khoma limodzi ndi mayina a omwe anavutikira kundende ya Mikuyu.

Pakadali pano, aphunzitsi, magulu a achinyamata a m'mipingo ndi amayi a banki m'khonde, sonkhani ya minibasi chisanu chisanathe. Tengani ana, avale majuzi, ndipo akafika ku Chichiri muwalole afunse oyang'anira kuti za 1964 mpaka 1994 zili chipinda chiti.