Kachitini kotupa m'kati mwa chaja ya laputopu

Ana inu, chaja ya laputopu mumaidziwa. Ndi kabokosi kakuda kaja kokhala pakati pa waya, kamene kamafunda kakagwira ntchito kwa nthawi. Kodi munadzifunsapo kuti m'katimo mumachitika zotani?

Magetsi a ESCOM otuluka pa soketi ndi a mavoliti 230, ndipo sayenda mbali imodzi ayi. Amapita uku n'kubwerera, ka 50 pa sekondi iliyonse. Atati alowe choncho mu laputopu, ingapse nthawi yomweyo. Malaputopu ambiri amangofuna mavoliti pafupifupi 19, oyenda mbali imodzi mosadukizadukiza. Ntchito ya chaja ndi kuchepetsa mphamvuyo ndi kuiwongola.

Pa tizipangizo tonse ta m'menemo, ine kamene kamandisangalatsa ndi kapasita. Imaoneka ngati kachitini koima pa timiyendo tiwiri ta waya. M'kati mwake muli timapepala tiwiri ta aluminiyamu topyapyala, tokulungidwa pamodzi ndi pepala lonyowa ndi mankhwala. Kapasita imasunga magetsi pang'ono n'kuwatulutsa akachepa, monga thanki ya pasukulu imene imadzaza madzi akamabwera, mpopi n'kumatulutsabe ngakhale madziwo atasiya kwa kanthawi. Kungoti kapasita imadzaza ndi kukhuthula mofulumira zedi, kambirimbiri pa sekondi imodzi.

Mdani wake ndi kutentha. Zaka zikamapita, mankhwala onyowa aja amauma pang'onopang'ono. Akatswiri amati kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umafupika ndi theka. N'chifukwa chake si bwino kusiya chaja pabedi kapena kuifunditsa chitenje ili pamagetsi. Kapasita ikatopa, kagetsi ka chaja kamaphethiraphethira, pena mumamva kakulira kuti tswii, ndipo laputopu imatchaja n'kusiya.

Ambiri akaona izi amangoitaya. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa nthawi zina chawonongeka ndi kachitini kamodzi kotchipa, zina zonse zili bwinobwino.

Mmisiri wokonza mawailesi ndi ma TV akatsegula kabokosiko, amayamba wayang'anitsitsa. Kapasita yabwino pamwamba pake pamakhala pafulati, pali timizere topingasa. Yowonongeka imatupa pamwamba, pena imachucha zinthu zofiirira zimene zimauma n'kukhala nkhanambo. Zina zimafa osatupa, ndiye amaziyeza ndi mita yoyezera magetsi. Akaipeza, amatenthetsa kachitsulo kake, n'kusungunula mtovu wogwira timiyendo tija, n'kuizula. Asanaike yatsopano amawerenga manambala a pambali pake. Nambala yokhala ndi chizindikiro cha µF ifanane ndi ya yakale, ndipo mavoliti asachepe. Amasankhanso yolembedwa 105°C chifukwa imapirira kutentha. Palinso mzere woyera wosonyeza mwendo wa minus. Akaika chotembenuza, ikhoza kuphulika akangoyatsa.

Tsono tcherani khutu apa. Mu chaja muli kapasita imodzi yaikulu, kawirikawiri yolembedwa 400V. Imeneyo imatha kusunga mavoliti opitirira 300 ngakhale mutazula chaja pakhoma. Anthu anazindikira kalekale kuti magetsi osungidwa amaluma. Cha m'ma 1745, mphunzitsi wa sayansi wa mumzinda wa Leiden ku Netherlands, Pieter van Musschenbroek, anasunga magetsi m'botolo lagalasi lokhala ndi madzi. Atakhudza waya wake, magetsi anamugwira mwamphamvu moti anachita mantha kwambiri. Botolo limenelo ndilo kholo la makapasita a masiku ano. Choncho mmisiri wodziwa ntchito amayamba wakhuthula magetsi a m'kapasita yaikuluyo ndi kachipangizo kake, n'kuyeza ndi mita, asanaikemo chala.

Ndiye chaja ya kunyumba kwanu ikayamba kuvuta, musaitsegule nokha, ngakhale ili yozula. Uzani bambo kapena mayi apite nayo kwa mmisiri, ndipo muwapemphe mupite nawo, mukaone ndi maso anu kachitini kotupako.