Mmene Mawu Ayendera pa Lamya

Anzanga, kodi mawu a mayi a ku Nsaru afika bwanji kwa mwana wawo ku Johannesburg? Mawu enieniwo sayenda ayi. Lamya ya m'manja iwasandutsa manambala, niwatumiza pa mafunde a wailesi kunsanja yapafupi. Kuchokera kunsanjako alowa m'nthambo zagalasi zoonda ngati tsitsi, mmene kuwala kuwanyamula makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi imodzi. Pofika ku Johannesburg, lamya ya mwanayo iwabweza kukhalanso mawu. Lamya zotere zinayamba m'Malawi ndi kampani ya TNM, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1995. Tsono mukaona munthu atakwera pachulu ndi lamya yake, musamuseke. Iye afunafuna mafunde amene afooka chifukwa nsanja ili kutali.